Bokosi Limene Ndinakatenga ku Lunzu

Uthenga woti bambo a Esitere amwalira ku Joni unatipeza tikugalauza m'munda, mvula isanagwe. Inali nthawi ija asilikali anali atangobwerako ku nkhondo. Thanthwe linawagwera mumgodi, ndipo anaikidwa komweko. Kalata analemba mnzawo wa ku Lunzu, a Dishoni, amene anabwera ndi bokosi lawo mpaka kwawoko. Analembera alamu anga a Simeoni, akulu awo a malemu, ndipo kiyi wa bokosilo anamuika m'kalata momwemo.

Kwathu munthu akafera kutali timakumba manda ndithu, n'kuikamo bulangeti lake. Bokosi lisanafike sitikanalira maliro, sitikanameta. Apongozi anga ankangokhala pakhonde kuyang'ana kunjira, osadya.

Alamu anali ndi chilonda cha khasu kuphazi, sakanatha kuyenda. Anandiitana kuseli kwa khola.

"Mupite ndinu, alamu," anatero. "Koma bokosilo lifike muno monga linachokera ku Joni. Kiyi akhala ndi ine. Katundu wa malemu amatsegula ndi abale ake, onse ali pomwepo. Mukalitsegula panjira, mudzabwerera kwanu ku Bwanje nokha. Ana awa ndi athu, ng'ombe za malowolo tinapereka."

Ndinati ndamva. Ana anga anali awiri, Esitere ndi mlongo wake Davide, amene anali atangoleka kuyamwa. Ndinawasiya ndi agogo awo, ndinamanga mbatata zootcha pansalu, n'kutsikira kumsewu pa Nsipe.

Pa Nsipe ndinadikira tsiku lathunthu ndi theka. Masiku amenewo galimoto zinali zowerengeka, ukamva kulira kwake kutali aliyense amanyamuka, ngakhale amene sakupita kulikonse. Yoyamba inali ya Mzungu, sinaime. Yachiwiri inali yodzaza ndi matabwa. Yachitatu inali lole ya mbatata ya kachewere yopita ku Blantyre, ndipo ndinakhala pamwamba pa matumba. Tayala linaphulika tisanafike ku Phalula, lina linaphulika pa Matope, moti tinagona m'mbali mwa Shire udzudzu ukutidya. Ku Lunzu ndinafika tsiku lachitatu.

A Dishoni ndinawapeza atagona pamphasa, akutsokomola chifuwa cha kumgodi. Sanalankhule zambiri. Anati mwamuna wanga sanavutike, ndipo amene anamanga bokosi lake ndi anzake a kwathu konkuno. Linali bokosi lachitsulo lobiriwira, lokhala ndi loko wamkulu ngati chibakera. Ndinaligwira pamwamba. Linali lotentha ndi dzuwa. Akazi awo anandisunga masiku atatu mpaka inapezeka lole yopita ku boma la Ntcheu.

Loleyo inali ya Mmwenye wa sitolo, inanyamula mchere, sopo ndi palafini. Dalaivala anali a Saidi, munthu wamfupi wokonda kuseka. Ataona bokosi anagwedeza mutu.

"Mayi, limeneli lilipira ngati munthu."

"Ndi munthu kumene," ndinatero.

Anandiyang'ana kumutu, anaona mmene ndinamangira duku, ndipo kuseka kunatha. Analinyamula okha n'kulimangirira ndi chingwe kuseli kwa mutu wa lole.

Pamwambapo ndinapeza bambo wina wa imvi, a Jailosi, mtchona wobwerera kwawo ku Lizulu. Dzanja lawo lamanja linali ndi zala zitatu. Bokosilo anangoliona kamodzi n'kulidziwa.

"Awa timagula ku sitolo ya pa kompaundi ya kumgodi," anatero. "Mwini wake ali kuti?"

"Anatsala komweko."

Anavula chipewa, anakhala nacho pabondo mpaka pa Lirangwe.

Pa Lirangwe injini inabwata, tinadikira kuti izizire. Pa Matope tinafika dzuwa lili pamutu, kotentha moti chitsulo cha lole sichimagwirika. Pamenepo anakwera amayi awiri. Wina anali a NaBanda, mayi wonenepa wogulitsa nsomba zouma, ndi madengu ake awiri. Wina anali mtsikana wa ku Manjawira, dzina lake Dorika, amene anachokera ku chipatala cha mishoni ndi khanda la masabata awiri. Mwamuna wake anali ku Halale. Mwanayo anamukulunga ndi kabulangeti kofiira, ndipo anali ndi kamtolo ka nsalu.

A NaBanda anayamba kulamula asanakhale n'komwe pansi.

"Achimwene, sendezani miyendo yanu ya ku Joniyo. Nsomba zanga sizipondedwa."

"Nsomba zanu tazimva kale fungo musanakwere," anatero a Jailosi. "Ngakhale Mzungu wa ku Zomba wazimva."

"Fungo lomweli ndi limene linaphunzitsa ana anga sukulu. Inu zaka zonsezi mwabwera ndi chiyani? Chipewa?"

"Chipewa ndi zala zitatu."

"Zikukwanani. Nsima mudya nazo bwinobwino."

Tinadutsa Phalula akukanganabe. Mphepo inali zii, mbalame osamveka. Titayandikira Senzani ndinaona mtambo kumapiri a kumadzulo. Sunali wakuda ngati wa masiku onse, kunsi kwake kunali kobiriwira. A Saidi anaimitsa lole, anatikoka tenti pamwamba n'kuimanga m'mbali.

"Tikawoloke kamtsinje kali kutsogoloku mvula isanagwe," anatero. "Tikachedwa tigona tsidya lino."

Mphepo ndiyo inayamba. Inabwera ndi fumbi ndi masamba, kenako nthambi. Ndinasuzumira kunja n'kuona denga la nyumba likuyenda m'mwamba lathunthu, udzu ukuyoyoka. Mphezi inang'anima, bingu linagunda nthawi yomweyo, ndipo a NaBanda anakuwa.

"Iwe mtsikana! Chofiiracho! Ukufuna mphezi itiphe tonse?"

Dorika anati mwana azizidwa. A NaBanda sanamve. Anatsomphola kabulangetiko n'kukakanikiza pansi pa thumba la mchere. Ine sindinaletse. Nanenso ndinakula ndikudziwa kuti chofiira chimaitana mphezi.

Pamenepo zingwe za tenti zinaduka mbali imodzi. Inakupiza kawiri, kachitatu inapita. Tinatsala poyera, ndipo matalala anayamba. Oyamba anali ngati chimanga, otsatira ngati mazira a nkhunda, ena oposa pamenepo. Ankalira pachitsulo moti sitimamvana. Limodzi linang'amba a Jailosi pamwamba pa diso. Dorika anagwada n'kuphimba mwana ndi thupi lake, ine ndi a NaBanda tinaphimba Dorika, matalala akutiswa pamsana. A NaBanda anavala dengu kumutu, nsomba zikuwagwera m'khosi. Kumbuyo kwathu mtengo waukulu unagwa n'kutseka msewu.

Kamtsinjeko kanalibe mlatho, galimoto zimangodutsa pamchenga. Titafika madzi anali a m'kakolo. A Saidi analowa, ndipo pakati penipeni matayala anatitimira, injini inazima. Anatuluka ndi chitsulo cholizira, anapukusa, anapukusa, osalira. Kenako anaima n'kutchera khutu kumtunda. Nanenso ndinamva. Kunali ngati ng'ombe zambiri zikuthamanga.

"Tsikani! Tsikani nonse! Siyani katundu!"

A NaBanda anatsika ndi Dorika n'kuthamangira kugombe kumene tinachokera. Ine ndinapita pa bokosi. Chingwe chinali chitanyowa, mfundo yosamasuka. Ndinayesa ndi mano.

"Mayi, mufa!" anakuwa a Saidi.

A Jailosi anali atatsika kale, koma anakweranso. Anatulutsa mpeni, anadula chingwe, tinagwira bokosi uku ndi uku. Potsika madzi anali m'maondo. Pofika pagombe anali m'chiuno, ndipo a Saidi anatikoka ndi nthambi. Titangoponda pouma ndinacheuka. Madzi anabwera ngati chipupa, ofiira, atanyamula mitengo, nkhokwe ya munthu ndi mbuzi ziwiri. Anamenya lole m'nthiti, anaitembenuza, n'kuikanikiza pa mkuyu umene unali m'mbali. Madengu a nsomba anapita. Kamtolo ka Dorika kanapita. Kabulangeti kofiira kanapita ndi matumba a mchere.

Matalala analeka, koma mvula inapitirira mpaka dzuwa kupendeka. Pansi panali mbuu, ngati wina wamwaza ufa, ndipo kunazizira kuposa mwezi wa Juni ku Tsangano. Nyumba zimene zinali pafupi zinali zitatu, zonse zopanda madenga, eni ake atathawira kwina. Tinalowa m'imodzi n'kukhala m'mbali mwa chipupa. Machesi a a Saidi anali phala. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi kansalu kouma.

Poyamba mwana ankalira. Kenako kulira kunachepa, kenako analeka. Dorika anamupatsa bere, osagwira. Ndinamukhudza kumapazi, anali ozizira ngati mwala wa kumtsinje. Milomo inali itayamba kuda.

A NaBanda anayang'ana uku ndi uku, maso awo anagwera pa bokosi.

"Achimwene, m'mabokosi anu a ku Joniwa mumakhala chiyani?"

A Jailosi anayang'ana bokosi lija. "Pamwamba timaika bulangeti," anatero. "Ndipo mabokosi awa salowa madzi."

"Ndiye tikudikira chiyani? Amwali, kiyi ali kuti?"

Ndinawauza zonse, za kiyi, za alamu anga, za Esitere ndi Davide. A NaBanda, amene pakamwa pawo sipanatsekeke chichokere ku Matope, anangoti, "Kabulangeti kaja ndinataya ndine," n'kuyang'ana pansi.

Dorika sanandipemphe. Akanandipempha mwina ndikanapeza mawu okanira. Iye anangoika timapazi ta mwana pakamwa pake n'kumatiuzira mpweya, kuuzira, kuuzira. Ndinakhala ndikumuyang'ana. Ndinaganiza za njira ya ku Bwanje, mmene ndidzatsikire phiri lija ndekha, kumsana kopanda mwana. Ndinaganiza nthawi yaitali, sindibisa.

Kenako ndinaimirira n'kutola mwala.

"Bwerani nonse muime apa," ndinatero. "Muone chimene nditulutse ndi chimene ndisiye."

"Patseni ndithyole ine," anatero a Saidi.

"Ayi," anatero a Jailosi. "Asiyeni. Tikathyola ife ndi kuba. Mwamuna ndi wawo."

Loko anali wolimba. Ndinamenya mpaka chala changa chinatuluka magazi, ndipo chimene chinagonja ndi kachitsulo kokolekapo. Nditatsegula linatuluka fungo la sopo ndi fodya. Pamwamba panali bulangeti lotuwa la mizere yakuda, louma. Pansi pake ndinaona jekete limene mwamuna wanga anavala tsiku lochoka, nsapato, nsalu ya maluwa ndi kadiresi ka mwana. Sindinafufuze. Ndinatulutsa bulangeti lokha n'kutseka.

Tinavula mwana zonyowa, tinamuika pachifuwa pa mayi wake khungu ndi khungu, n'kuwakulunga onse awiri. Ine ndinakhala kumsana kwa Dorika, a NaBanda kutsogolo, amuna anatitchinga kumphepo. Tinachezera choncho. Kutacha ndinamva kamawu ngati ka mphaka m'bulangetimo, kenako kumeza. Anali akuyamwa.

"Ameneyu adzakhala wakuba," anatero a NaBanda akupukuta m'maso. "Wayamba ndi kuthyola mabokosi."

Madzi anaphwa msanga monga anabwerera, koma lole inali itakwiririka mumchenga mpaka m'matayala. Anthu a m'mudzimo anabwerera, anatipatsa moto ndi phala, ngakhale okha anali ataferedwa nkhuku ndi mbuzi. Amuna anakumba tsiku lonse, mawa lake anabweretsa ng'ombe zinayi n'kuikoka. A Saidi anamasula zitsulo za injini, anaziyanika pamwala ngati nsomba. Mchere wonse unali utasungunuka, matumba amene anatsala anali lende.

"Ndikamuuza chiyani Mmwenye?" ankatero. "Kuti mchere wake wapita ku Shire kukakoleretsa ng'ona?"

Tsiku lachitatu injini inalira. Msewu wonse mpaka ku Manjawira unali mitengo yogwa, amuna ankatsika kudula ndi kukoka. Ulendo wa kanthawi kochepa unatitengera m'mawa wonse.

Pa Manjawira Dorika anatsika. Amayi ake anali pamsewu, anali atadikira masiku atatu. Iye anayamba kumasula bulangeti kuti andibwezere, ndipo ine ndinatambasula manja. A NaBanda anandigwira mkono.

"Amwali, mukalitani?"

"Likalowa m'manda. Ndilo ndinadzera."

"Limeneli? Lafunda mwana wamoyo masiku atatu, lamwa thukuta lake ndi mikodzo yake. Mukalikwirira, mwakwirira mwanayu. Inu simudziwa zimenezi?"

Ndinkadziwa. Kungoti sindinaganizeko pamene ndinkatola mwala uja. Amayi ake a Dorika anali atamva, ndipo anandiyang'ana ndi mantha. Ndinabweza manja anga.

"Pita nalo," ndinatero. "Usadzaligulitse."

Dorika anagwada pamsewu pomwepo. Lole inanyamuka asanadzuke.

Pa Nsipe tinafika masana. A Saidi ananditsitsira bokosi, lomangidwa ndi luzi m'malo mwa loko. Nditacheuka ndinaona a Jailosi nawonso atsika, ndi kathumba kawo.

"Bambo, kuno si ku Lizulu."

"Ndikudziwa. Alamu anuwo akamve kwa munthu amene anaona."

"Kwanu akukudikirani."

"Andidikira zaka zambiri. Ena mwina anaiwala n'kale. Tsiku limodzi siliwapha."

Anasenza okha bokosi mpaka kumudzi. Matalala anali atafikanso kwathu. Chimanga cha m'madimba chinali chitasanduka ulusi, nthochi zonse zili pansi. Alamu tinawapeza akufolera nkhokwe, phazi lili lomanga. Anatsika, anayang'ana luzi, anayang'ana ine. Anthu anayamba kusonkhana.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Ndinathyola ndine," ndinatero. "Pa Senzani. Ndinatulutsa bulangeti, china chilichonse sindinakhudze."

"Bulangetilo lili kuti?"

"Lili ku Manjawira. Lafunda mwana."

"Mwana wa yani?"

"Wa munthu."

A Jailosi anavula chipewa n'kupempha kuti alankhule. Anafotokoza zonse mwadongosolo, mphepo, matalala, madzi, ndi mapazi a mwana. Alamu anamvetsera nkhope ili gwa.

"Inu ndinu yani?" anafunsa. "Kapena ndinu mwamuna watsopano? Mwafulumiratu, tisanamete n'komwe."

Ena anaseka, ena anati aa. A Jailosi anakweza dzanja lija la zala zitatu.

"Ine ndine wa kumene anatsala mng'ono wanu. Mabokosi otere ndamangapo anayi ndi dzanja lomweli, a anzanga. Tsegulani muone. Ngati munthu anapisamo, mudziwa, chifukwa mmene timapindira ife mkazi sangabwezere."

"Zimenezo ndi zanu za ku Joni," anatero alamu. "Kuno ndinanena mawu, anthu anamva. Ndipo tikaika chiyani m'manda? Luzi?"

Esitere anali atabwera n'kundigwira nsalu, Davide ali kumsana kwake. Alamu anamuuza kuti apite kwa azakhali ake. Mwanayo sanasunthe.

Sindinaone pamene apongozi anga anachokera pakhonde. Ndinangowaona atagwada pa bokosi, akumasula luzi. Alamu anati, "Amayi, dikirani, nkhaniyi sinathe," koma iwo sanacheuke. Anatsegula. Anatulutsa jekete lija, analitembenuza, anapeza chigamba cha pachigongono chimene anasoka okha. Analiika kumaso n'kununkhiza m'khosi mwake. Kenako analira, kuitana mwana wawo ndi dzina lake la ubwana, limene ine ndinali ndisanalimvepo.

Azakhali anayankha, amayi a nyumba yoyandikana anayankha, mudzi wonse unagwira. Nanenso ndinakhala pansi pomwepo n'kulira mwamuna wanga koyamba chifikire kalata ija. Maliro akayamba palibe amene amakamba mlandu. Alamu anaima pakati pathu kanthawi, kiyi ali m'manja. Kenako anatembenukira kwa amuna.

"Tengani makasu. Tikaika jekete."

Podutsa pamene ndinakhala anawerama pang'ono. "Nkhani yathu tidzakamba tikameta, alamu."

Tinaika jekete m'mawa mwake, litakulungidwa mumphasa yatsopano. A Jailosi anaponya nawo dothi, anadya, n'kutsikira kumsewu kukadikira lole ina. Sindinawaonenso. Tsiku lometa anatikhazika pamphasa imodzi, ine, Esitere ndi Davide, ndipo tsitsi lathu analisesera pamodzi. Titameta ndinadikira kuti alamu andiitane kuseli kwa khola. Ndinadikira mwezi umenewo, ndinadikira mpaka tinakolola. Tinkakumana pakhomo, kumunda, kutchalitchi, iwo n'kumati, "Mwadzuka bwanji, alamu?" ine n'kumati, "Ndadzuka, kaya inu." Esitere tsopano ali ndi ana atatu, ndipo alamu nkhani ija sanaiyambebe.